Tsiku Limene Mitengo ya ku Mwatiuza Idayankhula Chingerezi

Ufumu wa Mwatiuza udatenga dzina lake ku mayankhidwe a anthu ake. Mfumu ikalengeza kuti chaka chino kuli zokolola za mnanu, anthu amasuzumira m'nkhokwe zawo zopanda kanthu n'kuyankha mwaulemu kuti, "Mwatiuza." Ikalengeza kuti mlatho wa ku chigwa watha kumangidwa, amapinda mathalauza, n'kuwoloka mtsinje ndi miyendo, n'kunena zomwezo ali tsidya linalo. Ndi anthu osavuta kuwalamulira, ndipo Mfumu Tamandani Wachinayi idawalamulira zaka makumi atatu osatuluka thukuta.

Kuseri kwa nyumba yachifumu, pakati pa khola la nkhanga ndi garaja ya magalimoto akufa, kudali kanyumba kotchedwa Nyumba ya Masamba Ouma. M'menemo munkagwira ntchito munthu mmodzi yekha, bambo Sipiriyano Kaphwiti, mkulu woonda, wonunkha mankhwala a njenjete. Ntchito yawo idali kuyenda m'tchire, kuthyola kanthambi ka mtengo uliwonse, kukapanikiza pakati pa manyuzipepala akale ndi njerwa pamwamba, kakauma n'kukamata pa pepala lolimba. M'munsi mwa pepalalo ankalemba dzina la mtengowo, maonekedwe ake, malo amene adaupeza ndi mmene malowo adalili. Zonsezi ankalemba m'Chilatini, poti ndiwo udali mwambo wa akatswiri a zomera.

Chilatinicho adachiphunzira ku seminale, kumene adawachotsa m'chaka chachinayi atawapeza akuthandiza mtsikana wina kusenza nkhuni kawirikawiri kuposa mmene nkhunizo zinkafunikira. Mtsikanayo ndiye Nangondo, mkazi wawo, wogulitsa ndiwo zamasamba pamsika wa Takumana. M'ufumu wonse mudalibe wina wodziwa Chilatini. Kamodzi pachaka, pa Tsiku la Masamba, mapepala atsopano ankapita kwa mfumu, ndipo mfumu inkadinda lililonse ndi chidindo chake chachikulu cholembedwa kuti "Zoona Zokhazokha." Inkadinda mwachangu chifukwa pambuyo pake kunkakhala nyama yootcha.

Bambo Sipiriyano sadali munthu wolimba mtima, tisawanamizire. Zidangoyamba mwangozi. Tsiku lina, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu zapitazo, adapita kukafuna mlombwa m'nkhalango ya Chikhalire, imene lero anthu amaitcha Idalipo. Adapeza mtengo umodzi pakati pa zitsa. Atabwerera adakhala pa tebulo lawo, nafika pamzere wofunsa mmene malowo adalili. Katswiri wa zomera sanama pamzere umenewo. Choncho adalemba m'Chilatini chaukhondo kuti mtengo uwu adaupeza wokha, anzake onse adakwera lole ya mlamu wa mfumu. Mfumu idadinda. Palibe chidachitika.

Kuyambira pamenepo chidasanduka chizolowezi, ngati kuulula machimo kwa wansembe wogontha. Pa pepala la mbawa adalemba kuti udali pabwalo la sukulu ya Dikirani, tsopano ndi bedi la mkazi wachitatu wa Nduna ya Zomera ndi Zofota. Pa la tsanya adalemba kuti phiri lonse lidatsika m'matumba a makala asilikali akuperekeza. Pa la msuku adalemba kuti ana a m'mudzimo sadziwanso kukoma kwake, koma mahatchi a mfumu apeza bwalo lothamangira. Mapepala otere adakwana mazana anayi, onse odindidwa. Munthu womaliza amene adatchulapo lole ya mlamu wa mfumu pagulu adatha zaka zisanu ndi ziwiri ku ndende ya Khalachete, ndipo adatulukako wopanda mano.

Vuto lidabwera ndi mlendo. Adali mayi wa kutsidya kwa nyanja zamchere, katswiri wa zomera, wa chipewa chachikulu ndi nsapato za amuna. Pa chakudya chamasana, kudzera mwa womasulira amene mfumu inkati ndi wongoikumbutsa, mayiyo adatchula kuti kwawo akatswiri ali pamkangano wakuti asiye Chilatini ayambe kulemba za zomera m'Chingerezi, popeza Chilatini ndi chinenero chakufa.

Mfumu idaika fupa pansi. "Chidafa liti?" idafunsa. "Nanga ife bwanji sitidatumize chipepeso?"

M'mawa mwake bwalo la nduna lidakumana, ndipo lidakhala masiku asanu ndi anayi, kuposa mmene lidakhalira chaka cha kolera. Woyamba kuimirira adali Olemekezeka a Chikwakwa, Nduna ya Zomera ndi Zofota, munthu amene mimba yake inkalowa m'chipinda iye asanalowe.

"Mwini nthaka," adatero a Chikwakwa, "anthu akhala akufunsa chifukwa chimene mitengo ikuthera m'dziko muno. Adani athu akuti ndi nkhwangwa. Lero tadziwa chenicheni. Mtengo ungakule bwanji ukuitanidwa m'chinenero cha akufa? Mitengo yathu ikufa ndi chisoni. Tiipatse Chingerezi, chinenero cha ndege ndi mabanki, muone mmene iphukire."

Nduna zidaomba m'manja. Kenako adaimirira Pulofesa Kadammanja, mkulu wa sukulu ya ukachenjede ya ufumuwo, amene Chilatini chawo chonse chidali mawu atatu osokedwa pa mkanjo wawo.

"Mwini nthaka, ine ndikuti tichisunge, ndipo ubwino wake ndi womwewo wakuti chidafa," adatero Pulofesa. "Chakufa sichisintha maganizo. Sichilowa chipani. Chingerezi chili ndi eni ake, ndipo eni akewo adzatiseka katchulidwe. Chilatini ndi chamasiye, aliyense padziko lapansi amachizunza mofanana."

Mfundoyi idali yanzeru, ndipo n'chifukwa chake sidapite patali. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi nduna ina yokalamba, imene idangodzidzimuka kutulo, idafunsa ngati sikungatheke kulemba mitengoyo m'Chimwatiuza, popeza mitengoyo ndi yakonkuno ndipo mayina ili nawo kale. Bwalo lidaseka mpaka ena kupukuta misozi. Adaikhululukira chifukwa cha ukalamba, koma adaichotsera galimoto.

Pa tsiku lachisanu ndi chinayi ng'oma idalira ndipo lamulo lidawerengedwa. Kuyambira tsopano chinenero cha zomera zonse za mu Mwatiuza, zodyedwa ndi zosadyedwa, zoimirira ndi zoyanga, ndi Chingerezi. Wogulitsa masamba aliyense aike chikwangwani cha Chingerezi pa mulu uliwonse. Ndipo wosunga Nyumba ya Masamba Ouma amasulire mapepala onse, adzawawerenge mokweza pa Tsiku la Masamba pamaso pa mfumu, nduna, akazembe ndi mlendo uja, amene adzakhale ndi mapepala a Chilatini m'manja kuti dziko lapansi lione kuti ku Mwatiuza kulibe chobisa.

Anthu adati, "Mwatiuza." Bambo Sipiriyano sadathe kunena ngakhale zimenezo. Adayenda mpaka ku msika wa Takumana osadziwa kuti akuyenda.

Kumsika adapeza amayi atazungulira kalaliki wa boma amene ankagawa zikwangwani. Nangondo adali atanyamula chake m'mwamba ngati nsomba yokayikitsa.

"Achimwene, tandiuzani," ankafunsa Nangondo, "ichi mwaika pa bonongwe wanga chikuti chiyani?"

"Ndilo dzina lake pa Chingerezi, mayi. Kumasulira kwake ndi udzu wa nkhumba."

"Ndiye ana anga asanu ndidawalera ndi chakudya cha nkhumba? N'chifukwa chake sakhuta." Adatembenukira kwa mnzake wa luni. "Anaphiri, wanu akuti chiyani?"

"Ndevu za mphaka," adayankha mayiyo osakweza mutu. "Ndakweza mtengo. Ndevu za mphaka sizipezeka wamba."

Nangondo ataona nkhope ya mwamuna wake adasiya nthabwala. Adawakokera kuseri kwa benchi, nawakhazika pa dengu lovundikira. Bambo Sipiriyano adaulula zonse, za mlombwa, za bedi, za mahatchi, mapepala mazana anayi.

"Zaka zonsezi ine ndimati mukulemba za maluwa," adatero Nangondo.

"Za maluwa zilimonso."

"Abambo, mverani ine. Namani. Lembani kuti mtengo uwu ndi wobiriwira, umakonda mvula, ukuthokoza boma. Anthu onse amanama pa Chingerezi, ndi ntchito imene adachibweretsera."

"Mzungu uja adzakhala akutsatira ndi chala mzere ndi mzere."

"Ndiye dwalani."

"Adzandinyamula pa machira."

"Njenjete bwanji? Zitsegulireni zidye."

Bambo Sipiriyano adamuyang'ana mkazi wawo ngati wawauza kuti aphe mwana. Nangondo adaona kuti apa palibe chake. Ankawadziwa bwino amuna ake: munthu woopa galu, woopa apolisi, woopa ngakhale apongozi amene adamwalira kalekale, koma wosatheka kumusinthitsa chilembo chimodzi pansi pa tsamba louma. Adapumira m'mwamba. "Chabwino," adatero. "Ndikusokererani thumba la mkati mwa jekete, muikemo mswachi. Mano amenewo muwasamale akadalipo."

Masiku makumi atatu adatha bambo Sipiriyano akumasulira. Kangapo adayesa kufewetsa. Adalemba kuti mitengo ija idasamuka, koma dzanja lidakana, adafufuta n'kubwezera lole ija pamalo pake. Adaonda mpaka lamba adasowa bowo.

Tsopano, kubwalo la mfumu ya Mwatiuza kuli mwambo umene mlendo sangaudziwe. Chingerezi chikamayankhulidwa, munthu safunsa kuti akuti chiyani, chifukwa kufunsa n'kuvomera kuti sukulu udaionera pawindo. Chimene umachita n'kugwedeza mutu, ndipo woyankhula akangopuma, umaomba m'manja kusonyeza kuti mfundo yakulowa. Mfumu Tamandani idaphunzira Chingerezi miyezi itatu kunja ili mnyamata, ndipo chimene idabwera nacho ndi chipewa. Pomvera, inkangodikira dzina lake. Ikalimva inkamwetulira.

Tsiku la Masamba lidafika. Mahema adakhomedwa ndi mitengo yobwereka ku ufumu woyandikana nawo. Mfumu idakhala pakati, nduna kumanja, akazembe kumanzere, mayi wachipewa uja patsogolo ndi mulu wa mapepala a Chilatini pamiyendo. Bambo Sipiriyano adakwera pansanja, mswachi ukuwabaya m'nthiti. Adayang'ana kumsika komwe kudali mkazi wawo, nayang'ana asilikali awiri amene adaima pafupi ndi masitepe, nayamba kuwerenga.

Adawerenga za mlombwa ndi lole ya mlamu wa Mfumu Tamandani. Adapuma kuti amezere malovu, akudikira dzanja paphewa.

Mfumu idamva dzina lake, idamwetulira. Bwalo lonse lidaomba m'manja.

Adawerenga za mbawa ndi bedi la mkazi wachitatu. Apa a Chikwakwa adasintha nkhope, chifukwa iwo Chingerezi ankachimva ndithu, adachiphunzira pogulitsa matabwa. Adadzuka theka pampando, pakamwa patatseguka. Mfumu idawacheukira.

"Mwafuna kunenapo kanthu, a Chikwakwa?" idafunsa m'Chimwatiuza.

A Chikwakwa adaganiza msanga, mwina koyamba m'moyo wawo. Kuti amuimbe mlandu mkuluyu, adayenera kuiuza mfumu zimene wanena. Kuti aiuze, adayenera kuzinena iwo eni, ndi pakamwa pawo, m'chinenero chimene asilikali, ophika ndi mkazi wawo woyamba amamva. Adayeneranso kusonyeza pagulu kuti mfumu sidamve. Ndipo papepala lililonse padali chidindo cha mfumuyo chonena kuti ndi zoona zokhazokha.

"Ndimati ndiombe m'manja nditaimirira, mwini nthaka," adatero a Chikwakwa. Ndipo adaombadi, mwamphamvu kuposa aliyense.

Zidayenda choncho maola anayi. Amene sankamva ankaomba kuti aoneke akumva. Amene ankamva ankaomba kuti aoneke ngati sadamve. Pulofesa Kadammanja ankati "Ndithudi, ndithudi" pamalo alionse, ngakhale pa mahatchi. Mayi wachipewa uja ankatsatira ndi chala, nkhope itafiira, ndipo pamapeto adagwira dzanja la mfumu n'kunena kuti sadaonepo boma lomasuka chonchi, ndipo akalemba zimenezo mu lipoti lake. Akazembe adavomereza, nafunsa komwe kuli nyama.

Dzina la mfumu lidatchulidwa kokwana mazana awiri ndi khumi ndi kawiri. Idawerenga yokha pa zala, ndipo idakondwa kwambiri. Idaitana bambo Sipiriyano, idawaveka mendulo yolemera ngati mbale ya chitsulo, niwatcha Mlonda Wamkulu wa Masamba Onse.

"Mitengo yathu yayankhula bwino lero," idatero mfumu. "Ine ndimadziwa kuti imandikonda."

Bambo Sipiriyano adatsika pansanja ali ndi mano awo onse. Adayenera kusangalala, ndipo adayesa. Koma poyenda mumsewu wa fumbi wopita ku Takumana, pamene padalibe ndi mthunzi umodzi womwe, adamva chisoni chimene sadachimvepo chichokereni ku seminale. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu adakhala ndi mantha akuti tsiku lina wina adzamva. Mantha amenewo ndiwo ankawauza kuti mapepala awo ndi kanthu. Lero adanena zonse mokweza, masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa eni milandu, ndipo adapatsidwa mendulo.

Nangondo adawaona akubwera, adayamba wawerenga miyendo ndi manja, kenako adaloza chitsulocho. "Ichi n'chiyani? Akumangani nacho?"

"Andithokoza."

"Mudanama?"

"Ayi. Ndidanena zonse."

"Ndiye adati chiyani?"

"Adaomba m'manja."

Amayi a pamsika adayamba kusonkhana kudzaona mendulo. Wina adaigogoda ndi chikhadabo n'kunena kuti ingachite bwino kuvundikirira mphika wa nyemba. Mayi wa luni uja ndiye adafunsa, mongocheza, uku akuwaza madzi pa masamba ake.

"Nanga bambo a Felista, tamva kuti mwayankhula maola anayi. Ife Chingerezi chidatiphonya. Mumati chiyani kwenikweni?"

Nangondo adawaponda phazi amuna ake. Adawaponda kachiwiri. Bambo Sipiriyano adasuntha phazilo.

"Ndimanena za mlombwa wa ku Chikhalire," adatero m'Chimwatiuza, ndi mawu wamba, ngati akunena mtengo wa tomato. "Ndidaupeza wokha. Anzake adapita pa lole ya mlamu wa mfumu."

Mayi uja adasiya kuwaza madzi.

Adapitiriza. Adatchula mbawa wa pasukulu ya Dikirani ndi komwe uli tsopano. Adatchula tsanya wa kuphiri ndi amene adaperekeza makala. Adatchula misuku. Wogulitsa nsomba adazimitsa wailesi. Anyamata a njinga adatsika pa njinga zawo. Mayi wina wa mandasi, amene sadayankhulepo ndi bambo Sipiriyano, adati chapansipansi, "Msuku umenewo ndimaudziwa. Tinkapumirapo pochokera kuchigayo." Bambo wina adati mbawa uja ndiye adaphunzirira pansi pake kulemba dzina lake. Bambo Sipiriyano adapuma kuti amezere malovu. Palibe adaomba m'manja, ndipo palibe adati "Mwatiuza."

Sadafike ngakhale pepala lakhumi. Apolisi awiri amene ankadya chinangwa chaulere pa benchi ya pafupi adapukuta manja m'mathalauza, nabwera pang'onopang'ono, ngati anthu amene akadakonda akadakhala kwina. Wamkulu wawo, sajeni wa imvi m'mbali, adavula chipewa chifukwa cha mendulo ija, kenako adachivalanso chifukwa cha ntchito.

"Pepani bambo, tiyeni tikakambe ku ofesi."

Nangondo sadalire. Adakonza kolala ya jekete la amuna ake, nagwira pathumba lamkati kuona ngati mswachi ulimo. "Maola anayi mudapulumuka," adatero. "Mphindi zisanu za chinenero cha amayi anu zakuthani."

Koma bambo Sipiriyano sankamvera mkazi wawo. Ankamuyang'ana sajeniyo m'maso.

"A sajeni, zimene ndanenazi mwazimva?"

"Tazimva, bambo."

"Za lole?"

"Za lole, za bedi, za makala. Zonse."

"Ndipo mukazilemba? Mukawauza akuluakulu anu?"

"Tikalemba mawu ndi mawu. Ndiyo ntchito yathu."

Nkhope ya mkuluyo idamasuka ngati ya munthu amene watula katundu wa ulendo wautali. Adavula mendulo, napatsira mayi uja wa mphika wa nyemba, natambasula manja onse awiri kwa wapolisi.

"Mulungu akudalitseni, mwana wanga," adatero. "Inu ndinu munthu woyamba wa boma kundimvera."